Ku China, kukhulupirika nakonso ndi mpamba

M'chaka cha 1985, mkulu wa fakitale yopanga mafiriji mumzinda wa Qingdao ku China, a Zhang Ruimin, anapeza mafiriji 76 olakwika pakati pa katundu woyembekezera kupita kumsika. Sanalole kuti agulitsidwe motchipa. Analamula antchito kuti awaphwanye ndi nyundo. Fakitale ija lero ndi kampani ya Haier, yomwe katundu wake wafika m'maiko ambiri.

Maganizo otere ali ndi mizu. Mphunzitsi wakale Confucius, yemwe anabadwa m'chaka cha 551 Yesu asanabadwe m'dera lomwe lero ndi chigawo cha Shandong, komwenso kuli Qingdao, sankaletsa munthu kupeza chuma. Ankaphunzitsa kuti phindu lizibwera pambuyo pa chilungamo, chomwe m'Chitchaina amati yi, ndiponso kuti munthu azisunga mawu ake, khalidwe lomwe amalitcha xin.

Koma si onse amatsata chiphunzitsochi. Mu 2008 zinadziwika kuti mumkaka waufa wa ana wa kampani ya Sanlu ndi makampani ena munali mankhwala otchedwa melamine. Anthu ankathira mankhwalawa mumkaka wosungunula ndi madzi kuti poyeza uzioneka ngati uli ndi mapuloteni okwanira. Ana pafupifupi 300,000 anadwala, ambiri mwa iwo matenda a impso, ndipo asanu ndi mmodzi anamwalira. Sanlu inagwa, ndipo mkulu wake, mayi Tian Wenhua, analamulidwa kukhala kundende moyo wawo wonse. Makolo ambiri anayamba kusakasaka mkaka wakunja, ngakhale unali wodula.

Kwa inu amene mumakaoda katundu ku Guangzhou kapena ku Yiwu, phunziro ndi lakuti kumeneko malonda amayenda pa ubale womwe amautcha guanxi, ndipo ubalewu sumangika tsiku limodzi. Yambani ndi oda yaing'ono, muone ngati katundu wafika monga munagwirizanirana. Lipirani pa tsiku lomwe munalonjeza. Pakakhala cholakwika, kambiranani pambali, chifukwa kumuchititsa manyazi munthu pagulu kumadula ubale. Komabe ubale usakulepheretseni kulemberana mgwirizano ndi kuyendera katundu asanapakidwe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogulitsa akakudziwani kuti ndinu wosunga mawu, ndi pomwe mungayambe kukambirana za kutsitsa mtengo kapena kutenga katundu pangongole.