Komboni Nayonso ndi Kwathu

Munthu akafunsidwa mu Lusaka kuti kwao ndi kuti, kawili-kawili amachula Petauke, Katete, Lundazi kapena Chipata. Koma tsopano pali ana ambili, ngakhale adzukulu, amene anabadwila ku Matero, anabatizidwila ku Kanyama, ndipo agogo ao anagona ku manda a Chingwere. Kwa iwo komboni si malo oyembekezelapo penshoni. Ndi kwao. Ife amene tikhala m'mbali mwa Heavy Industrial Area tikuti banja lingakule bwino muno, malinga ngati tisamalila malowa monga mudzi wathu.

Makolo athu anavutikila makomboni awa. Pamene Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda anali kufuna manja a munthu wakuda, osati banja lake. Wanchito anali kupatsidwa kacipinda, mkazi ndi ana n'kutsala kumudzi. Matero inamangidwa ndi khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, pafupi ndi mafakitale. Amene sanapeze nyumba ya khonsolo anadzimangila okha ku George, Kanyama ndi Chawama, akugona ndi mantha akuti boma lidzagwetsa. Mu 1974 kunabwela lamulo lolola okhala m'makomboni ovomelezedwa kutenga ciphaso cokhalila pa malo zaka 30, ndipo George ndi Chawama zinalandila miseu ndi mipope ndi thandizo la World Bank. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo. Wolipila lendi anasanduka mwininyumba.

Nanga cokoma muno n'ciani? Coyamba ndi kufupika kwa nchito. M'mamawa mseu wa Mungwi ndi wa Lumumba umadzaza anthu oyenda pansi ndi apanjinga: ena ku Zambian Breweries, ena ku zigayo ndi magalaji, ena ku msika wa matabwa wa Buseko. Ndalama imene wina amathela pa minibasi, muno imagula ndiwo ndi makala. Ngakhale pamene makampani a boma anagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo abambo ambili anacotsedwa nchito, mabanja anapulumukila pa kantemba, salaula ndi maganyu, cifukwa ogula ali pakhomo pomwe.

Alimi anzathu adziwa bwino zimenezi. Tomato, kabichi ndi anyezi zocokela ku Mumbwa, Chongwe ndi Chibombo zikatsika pa msika wa Soweto kusanace, amazipikula ndi amai a m'makomboni muno. Mlimi adyetsa komboni, komboni nayo ilipilila mlimi feteleza.

Caciwili ndi anthu. Ku mayadi munthu angathe caka osadziwa dzina la wokhala kuseli kwa mpanda. Muno mwana akasocela, oyandikana nao amam'bweza asanafike pa mseu waukulu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Maliro akagwa, amai a mphakati amafika ndi nkhuni ndi unga, abambo n'kugona panja. Cilimba calipilila ana ambili sukulu ndipo cafolela nyumba zambili ndi malata. Mwana wa muno amakula akumva Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi pa mpope umodzi, ndipo saona mtundu wa mnzake ngati cinthu cacilendo.

Cacitatu ndi sukulu ndi cipatala. Matero Boys, sukulu ya Akatolika, yaphunzitsa mibadwo ya anyamata. Kuyambila mu 2022 maphunzilo m'masukulu a boma ndi aulele mpaka giledi 12, ngakhale kuti makalasi adzaza kwambili. Makiliniki a Matero, Kanyama ndi Chawama anakwezedwa kukhala zipatala, motelo mai wodwala sathamangila ku UTH pa vuto lililonse.

Koma walila mvula walila matope. Kalembela wa 2022 anapeza anthu oposa 500,000 mu konstityuwensi ya Kanyama yokha. Derali lili pa thanthwe, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa alibe kopita. Akulu akumbukila cigumula ca 1978. Zimbudzi zokumba zikasefukila, zonyansa zimalowa m'zitsime zosazama, ndipo kolela imayambila pamenepo. Inatikantha mu 2017 ndi 2018. Inabwelanso mu 2023 ndi 2024, mpaka bwalo la National Heroes linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Palinso moŵa. Tujilijili tinaletsedwa mu 2012, koma mabala ali pakati pa nyumba, ndipo anyamata osoŵa nchito akugwela m'magulu oba ndi kusuta.

Mavuto awa si cifukwa cothawila. Amatha anthu akaleka kudziona ngati alendo. Mlendo sakumba ngalande, koma mwinimudzi amakumba. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Ndalamayi imayambila pa zopempha za makomiti a citukuko a m'mawadi. Ngati akhristu sitipita ku misonkhano imeneyi kukapempha ngalande, mipope ndi zimbudzi zabwino, ena adzatisankhila.

Conco miphakati ndi mabungwe a mpingo aike nkhani zitatu pa misonkhano yao mvula isanayambe: kuyeletsa ngalande za m'dela lao, kutunga madzi a pa mpope ndi kuthilamo klolini, ndiponso kuthandiza banja lililonse, maka-maka amai amasiye, kukonza mapepala a nyumba ku khonsolo. Nyumba yopanda mapepala ndiyo imalandidwa bambo akamwalila.

Kumudzi tidzapitabe kukaona abale ndi kukatenga nshawa. Koma ana athu adzakalambila muno, ndipo komboni imene adzalandila ndi imene tikukonza lelo.