Mmene Namwino Amayesera Kafukufuku: Nkhani ya Njira ya Kangaru



Ena mwa inu amene mudalowapo m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane mudaona amayi atakhala pamabedi, aliyense atamangirira kamwana kake pachifuwa ndi chitenje, khungu la mwana likukhudzana ndi la mayi, kumutu atakaveka kachipewa. Mwina mudadabwa, pakuti ife tidazolowera kubereka mwana kumbuyo. Mwinanso mudafunsa namwino kuti, "Kodi amayi, zimenezi n'zothandizadi, kapena mwangosowa makina?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo namwino wodziwa ntchito yake sangakhutire ndi yankho lakuti, "Ndi mmene adatiphunzitsira kusukulu." Ayenera kudziwa umboni wa zimene akuchita, ndiponso ayenera kudziwa kuuyesa umboniwo kuti aone ngati ndi wolimba. Lero tiona mmene ntchito yoyesa umboni imayendera, ndipo titsatira mbiri ya njira yomweyi, imene achipatala amaitcha njira ya kangaru potengera nyama ya ku Australia imene imasunga mwana wake m'thumba la pamimba.

Nkhaniyi idayambira kutali, mumzinda wa Bogotá, likulu la dziko la Colombia. M'chaka cha 1978 dokotala wa ana, a Edgar Rey, adaona kuti pa chipatala chachikulu cha amayi mumzindawo tiana tochepa thupi tidachuluka koposa mabokosi amagetsi otenthetsera ana, kotero kuti ana angapo ankagonekedwa m'bokosi limodzi, namapatsirana matenda. Iwo adaganiza kuti thupi la mayi ligwire ntchito ya bokosilo: mwana akhale pachifuwa usana ndi usiku, aziyamwa mkaka wa m'mawere, ndipo atuluke m'chipatala msanga. Pasanapite nthawi mbiri idawanda m'maiko ambiri kuti ana amene kale akadafa tsopano akupulumuka.

Mbiri yokoma chotere munthu amafuna kuikhulupirira asanaifunse. Koma akatswiri awiri ochokera ku London, a Whitelaw ndi a Sleath, adapita ku Bogotá kukaona okha, ndipo zimene adapeza adazilemba mu 1985 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Adapeza kuti ana amene ankawerengedwa m'gulu la kangaru anali okhawo amene adapyola kale masiku oyamba, masiku oopsa aja; ana amene adamwalira asanafike poyikidwa pachifuwa sankalowa m'chiwerengero.

Alimi mumva msanga pamene pali cholakwa. Tiyerekeze kuti munthu akutama mbewu yake ya chimanga, nanena kuti m'munda mwake phesi lililonse labereka, pamene m'munda mwanu theka la mbewu latayika. Inu mukafunsitsa mukupeza kuti iye adayamba kuwerenga chimanga chitafika kale m'mawondo, pamene kwanu adawerengera limodzi ndi njere zimene zidadyedwa ndi nkhwali zisanamere. Mbewu yakeyo mwina ndi yabwinodi, koma kuwerenga kwakeko sikukutsimikizira kanthu. Tsono funso loyamba la namwino akagwira pepala la kafukufuku ndi ili: odwala awa akuwayerekeza ndi ayani, ndipo kodi magulu awiriwo adayamba kuwerengedwa pa mzere umodzi?

Zindikirani kuti alendo a ku London aja sadapeze kuti njira ya kangaru ndi yoipa. Pabwalo la mfumu mboni ikapezeka kuti idaona zinthu mwatheka, mlandu sugamulidwa pomwepo. Amaitana mboni ina.

Mboni inayo iyenera kupezeka motani? Apa pali nzeru imene poyamba imamveka ngati masewera, ndiyo kuchita maere. Namwino akapatsidwa ufulu wosankha ana oti ayesedwe njira yatsopano, mtima wake wachifundo umamunyenga. Kamwana kofooka kwambiri amakasiya m'bokosi poopa ngozi, ndipo wooneka wamphamvu ndiye amamupereka pachifuwa cha mayi. Pamapeto pake ana a pachifuwa amapulumuka ambiri, koma sitingadziwe ngati chawapulumutsa ndi chifuwa cha mayi kapena mphamvu zimene anali nazo kale. Maere alibe chifundo, alibenso tsankho. Amagawa ofooka ndi amphamvu mbali zonse ziwiri, kotero kuti kusiyana kukaoneka pambuyo pake timadziwa chimene chatsitsa dzaye.

Kafukufuku wa mtundu umenewu adachitika ku Bogotá komweko, motsogozedwa ndi dokotala wina wa ana, mayi Nathalie Charpak, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 1997. Ana 746 olemera makilogalamu awiri kapena kucheperapo adagawidwa mwa maere. Pa imfa, magulu awiriwo sadasiyane mooneka. Chimene chidaoneka n'chakuti ana a pachifuwa sadatenge kawirikawiri matenda aakulu a m'chipatala, adapita kwawo msanga, ndipo ambiri adapitiriza kuyamwa. Namwino woona mtima akawerenga pepala limenelo mu 1997 akadauza mayi kuti njirayi siika mwana pangozi ndipo ili ndi maubwino akutiakuti. Sakadalonjeza kuti imachepetsa imfa, pakuti pepalalo silidanene zimenezo, ngakhale onse ankalakalaka litanena.

Kodi n'chifukwa chiyani kusiyana pa imfa sikudaoneke? Mwina kudalibe, mwinanso ana 746 anali ochepa kuti kuoneke. M'mudzi mwanu mwezi uno mukabadwa ana aamuna asanu ndi wamkazi mmodzi, palibe amene anganene kuti madzi a pachitsime chanu amabereketsa amuna. Mwezi wamawa zinthu zidzatembenuka. Koma mukawerenga ana onse a m'boma lonse kwa chaka chathunthu, zongochitika mwamwayi zimaphimbika ndipo choonadi chimayamba kuonekera. Pa chifukwa chimenechi pali bungwe lotchedwa Cochrane, limene lidayamba mu 1993, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa akafukufuku onse a pa funso limodzi, kusefa ochitidwa mosasamala, ndi kuphatikiza otsalawo. Mu 2016 bungweli lidaphatikiza akafukufuku 21 a njira ya kangaru, okhudza ana 3,042, ndipo lidapeza kuti pa ana khumi amene akadamwalira, pafupifupi anayi ankapulumuka.

Pamenepa wina anganene kuti mlandu watha. Koma namwino wochenjera amatembenuza tsamba, nayang'ana pamene alemba za ana amene adaloledwa kulowa m'kafukufuku. Pafupifupi onse anali ana amene adayamba kale kupeza bwino, opuma okha popanda vuto. Nanga kamwana kamene kabadwa m'mawa uno, kakupuma mobanika, kali ndi paipi ya mpweya m'mphuno? Za iko umboni udali wochepa kwambiri, chonsecho imfa zambiri za ana otere zimachitika m'masiku oyambawo. Kutenga zopezeka pa ana opeza bwino n'kuzigwiritsa ntchito pa ana odwalika kukadakhala kubwereza cholakwa cha ku Bogotá chija mwa njira ina.

Funso limeneli lidali lathu kwambiri. Lipoti la pa dziko lonse la mu 2012 lidaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa kuchuluka kwa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse. Njira ya kangaru idayamba kuno mu 1999 pa chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo idafalikira m'zipatala zina. Choncho pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidakonza kafukufuku woyankha funsoli, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidali chimodzi mwa zipatala zisanu, pamodzi ndi za ku Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania. Ana 3,211 olemera kuyambira kilogalamu imodzi koma osafika makilogalamu 1.8 adagawidwa mwa maere: ena adaikidwa pachifuwa atangobadwa, ena adayamba akhala m'bokosi kufikira atapezako bwino.

Zotsatira zidalembedwa mu 2021 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Pofika tsiku la 28, mwa ana 1,609 oikidwa pachifuwa msanga adamwalira 191, ndipo mwa ana 1,602 a gulu linalo adamwalira 249. Kusiyanako kudali kooneka kotero kuti oyang'anira adaimitsa kafukufukuyo nthawi yake isanakwane, poona kuti sikukadakhala chilungamo kupitiriza kuchedwetsa ana ena. Mu 2022 bungwe lija lidasintha malangizo ake, nkunena kuti ana obadwa masiku asanakwane aziikidwa pachifuwa atangobadwa, kupatula odwala kwambiri monga amene sakutha kupuma okha.

Tsono mverani mmene chiwerengero chimodzi chimavalira malaya awiri. Wina adzati imfa zidachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo akunena zoona. Wina adzati pa ana 100 alionse adamwalira 12 m'malo mwa pafupifupi 16, ndipo nayenso akunena zoona. Mawu oyambawo ndi okoma pa msonkhano, koma achiwiriwo ndi amene namwino ayenera kukhala nawo m'mutu akamalankhula ndi mayi, chifukwa amamukumbutsa kuti pa ana 27 osamalidwa motere mwana mmodzi woonjezera ndiye amapulumuka, ndi kuti ena amamwalirabe ngakhale mayi atachita zonse bwino. Mayi wotere asadzadziimbe mlandu, ndipo achibale asadzamuloze chala. Pepala lomwelo lidanenanso mosabisa kuti pa masiku atatu oyamba kusiyana kudali kochepa kotero kuti kukadatha kukhala kwamwayi chabe.

Pali funso lina limene namwino amafunsa akaona pepala lotama mankhwala, bandeji kapena makina atsopano, lakuti ndani adalipira kafukufukuyo ndipo apindula chiyani. Pa nkhani ya kangaru funsoli silivuta, pakuti palibe amene amagulitsa chifuwa cha mayi.

Lovuta ndi lakuti, kodi zimene adachita m'kafukufuku zingatheke m'chipinda changa chino? Ana a gulu loyamba lija ankakhala pachifuwa pafupifupi maola 17 pa tsiku, pamene a gulu linalo, ali m'chipinda cha odwalika, ankangokhalapo ola limodzi ndi theka. Kuti zimenezi zitheke, zipatala zidaika mabedi a amayi m'chipinda momwemo mwa ana odwala, mpweya ndi mankhwala zili pafupi, ndipo mayi akatopa kapena akadwala wachibale wamkazi ankamulandira. Kafukufuku wina wa ku Uganda, wa ana oposa 2,000, amene adatuluka mu 2024, sadapeze kusiyana pa imfa za m'masiku asanu ndi awiri oyamba. Namwino sayenera kubisa pepala limeneli m'kabati chifukwa choti silikugwirizana ndi zimene amakonda. Kwa ine, umboni wonse pamodzi ukupendekekerabe ku chifuwa cha mayi, koma ukutichenjeza kuti dzina lokha la kangaru lolembedwa pachitseko silipulumutsa mwana. Phindu lake lidaoneka pamene maola adali ochuluka ndipo chisamaliro china chonse chidalipo.

N'chifukwa chake namwino amene wawerenga bwino amapita kwa akuluakulu ake ndi zopempha zooneka ngati zazing'ono: bedi la mayi pafupi ndi paipi ya mpweya, chakudya chokwanira cha mayiyo, ndi chilolezo choti agogo, azakhali kapena bambo a mwana azilowa kudzalandira. N'chifukwa chakenso mudzamuona akubwera kawirikawiri kudzayeza kutentha kwa thupi la mwana, kumene kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, kudzamuika pa sikelo tsiku ndi tsiku, ndi kukufunsani kuti, "Amayi, kuyambira dzulo mwana wakhala pachifuwa maola angati?" Muyankheni zoona, ngakhale atakhala maola anayi okha, pakuti zimene alembe m'kaundula wakeyo ndizo zidzamuuze ngati zopezeka ku Blantyre zija zikuchitikanso pa chipatala chanu.