Kodi Kabotolo ka Madzi Kangachepetse Mafuta a Injini?

Magulu ambiri a amayi m'maparishi mwathu masiku ano ali ndi injini. Ena ali ndi pampu ya petulo yothirira mbewu kudimba, ena chigayo cha dizilo, ena jenereta yoyatsa magetsi akazima. Kunyumba nako sikulephera mwana kapena mlamu woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Dandaulo la onsewa ndi limodzi: mafuta akudya phindu. Ndiye munthu akafika ndi kachipangizo konena kuti kamachepetsa mafuta, msungichuma wa gulu amatchera khutu, ndipo palibe angamudzudzule.

Kachipangizo kamene ndikufuna tikambirane kamaoneka kawirikawiri m'timakanema ta pa Facebook ndi pa YouTube. Ndi kabotolo kothiramo madzi, kokhala ndi timapaipi tiwiri. Mpweya umalowa pa kapaipi koyamba kudzera pa kasefa, n'kudutsa m'madzimo ukuchita thovu. Ukatenga chinyezi umatuluka pa kapaipi kachiwiri kupita pamene mpweya umasakanikirana ndi petulo. Ogulitsa amati mpweya wachinyeziwu umapangitsa mafuta kupsa onse, utsi umachepa, ndipo lita imodzi imakhalitsa. Ife akuchipatala kabotolo kotere sitikaona kachilendo. Amene munadikirirapo wodwala ali pa okosijeni munakaona kakubwata pambali pa bedi. Ntchito yake kumeneko ndi kunyowetsa mpweya kuti m'mphuno mwa wodwala musaume, basi. Sikawonjezera okosijeni ngakhale pang'ono.

Kuti tione ngati zonena za ogulitsazi zili zoona, tiyambe ndi mmene injini imapumira. Makala pa mbaula sayaka popanda mpweya, n'chifukwa chake timakupiza. Injini nayonso ndi moto, kungoti ndi wotsekeredwa m'kati mwa chitsulo. Petulo amasakanizidwa ndi mpweya, pisitoni imapanikiza zosakanizazo, pulagi imathetheka, ndipo kuphulika kwake kumakankha pisitoni ija. Ya dizilo ilibe pulagi yothetheka. Imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, moti dizilo akangopoperedwamo amayaka yekha. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Tikawerengera pa lita imodzi ya petulo, ndi malita a mpweya pafupifupi 9,000, kapena kuti migolo 45 ya malita 200. Mu mpweya wonsewu, chimene moto ukufuna ndi okosijeni, amene ndi magawo 21 okha pa 100 alionse.

Madzi sayaka. Chifukwa chake n'chakuti madzi ndi chinthu chopsa kale. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi, ndipo lita imodzi ya petulo imabereka madzi pafupifupi lita imodzinso. N'chifukwa chake m'mawa wa mu June mumaona madzi akudontha ku ekizozi ya galimoto imene angoiliza kumene. Madzi amenewa ali ngati phulusa, ndipo palibe mayi amabwezera phulusa pa mbaula kuti nyemba zipse msanga. Komanso nthunzi ikalowa mu mpweya imatenga malo, choncho mpweya wachinyezi umakhala ndi okosijeni wocheperako pang'ono kusiyana ndi wouma.

Kuchuluka kwake nakonso n'koseketsa. Pa tsiku lofunda bwino la madigiri 25, malita 1,000 a mpweya sangasenze madzi opitirira magalamu 23, ngati supuni yaikulu imodzi ndi theka. Kabotolo kaja kamanyowetsa kagawo kochepa chabe ka mpweya wolowa mu injini. Mu January, mvula ili mkati, mpweya wonse umene injini ikukoka umakhala wachinyezi kale popanda kulipira aliyense. Chinyezi chikanakhala kuti chimapulumutsa mafuta, akabaza akanakhala oyamba kutiuza kuti m'dzinja thanki imachedwa kutha.

Komabe sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti nkhani yothira madzi mu injini ndi bodza lokhalokha. Ili ndi pamene inachokera. Injini ikapanikizidwa kwambiri, m'kati mumatentha mpaka mbali ina ya petulo imaphulika yokha mosalongosoka. Amakaniko amati injini ikugogoda, ndipo ikapitiriza choncho pisitoni imabooka. Madzi akamasanduka nthunzi amachotsa kutentha, monga mmene thukuta limaziziritsira thupi, kapena mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, akatswiri anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi m'ndege zankhondo. Ajeremani ankapopera madzi osakaniza ndi methanol theka ndi theka, omwe ankawatcha MW 50, ndipo ndege ya ku America yotchedwa P-47 Thunderbolt nayo inali ndi thanki yake ya madzi. Woyendetsa ankatsegula madziwo kwa mphindi zochepa akafuna mphamvu zadzidzidzi. Ndege zoyambirira za Boeing 707 zinkachitanso chimodzimodzi ponyamuka. Mu 2016 kampani ya BMW inagulitsa galimoto yothamanga kwambiri ya M4 GTS yokhala ndi thanki ya madzi ya malita 5 kumbuyo, kompyuta ikuyeza dontho lililonse. Palinso sitima zina zapanyanja zimene zimanyowetsa mpweya wolowa mu injini pofuna kuchepetsa mtundu wina wa utsi umene umapangika moto ukatentha kwambiri.

Onani kuti zonsezi ndi injini zamphamvu zopanikizidwa kwambiri, madzi ake ndi ambiri ndiponso oyezedwa, ndipo cholinga chachikulu ndi kuziziritsa. Jenereta yathu ya pa tchalitchi kapena pampu ya kudimba ilibe vuto limene madziwo ankathetsa. Zili ngati kumwetsa mankhwala a malungo mwana amene alibe malungo. Mankhwalawo ndi enieni, koma sapindula nawo.

Zipangizo zoterezi zinayesedwa kale. Ku America mafuta atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970, zinadzaza m'masitolo, ndipo bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linaunika zoposa 100. Zina mwa izo zinali zolowetsa mpweya wowonjezera, zina zodutsitsa mpweya m'botolo la madzi monga kathu kaja. Silinapeze n'chimodzi chomwe chochepetsa mafuta mokwanira kuti mwini wake aone kusiyana kwenikweni. Nanga bwanji ena amalumbira kuti kanawathandiza? Kawirikawiri woika kachipangizoko amatsukanso pulagi ndi kukonza kabuleta tsiku lomwelo, ndipo mwini wake, poti walipira, amayamba kuyendetsa mosamala. Ngati gulu lanu likukaika, yesani nokha. Thirani lita imodzi yoyeza bwino, injini igwire ntchito yofanana, muwerenge mphindi pa foni mpaka izime. Chitani katatu kabotolo kalipo ndi katatu kalibe, ndipo mlembi alembe m'kope.

Choipa n'chakuti kachipangizoka kangathe kuwononga. Kuti akaike amaboola kapena kumasula penapake kuseri kwa sefa yaikulu ya injini, ndipo pamenepo pakachita mpata fumbi limalowa osasefedwa n'kumapala m'kati ngati mchenga pa poto. Mpweya ukachuluka kuposa muyeso, injini zing'onozing'ono zoziziritsidwa ndi mphepo zimatentha mopitirira. Kabotolo kakapendekeka, madzi enieni amakokedwa kulowa mu silinda, ndipo poti madzi sapanikizika, mkono wa pisitoni ungathe kupindika. Kuthira madzi mu thanki ndiye musayese n'komwe. Mu dizilo amachititsa dzimbiri pa pampu ndi manozo, zinthu zodula kwambiri pa chigayo. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo ethanol amakoka madzi. Madziwo akachuluka amatsika pansi pa thanki pamodzi ndi ethanol uja, injini n'kuyamba kutsokomola. Pa chifukwa chomwechi, chigubu cha mafuta chizikhala chouma ndi chotseka bwino.

Pa mawu awiri aja a ogulitsa, chinyezi ndi kusefa, lachiwiri ndilo lili ndi phindu, ndipo injini yanu inabwera nalo kale. Ndi kabokosi kamene amakaniko amati air cleaner. Taganizirani migolo 45 ya mpweya wa mu October, kapena wa m'chigayo modzaza fumbi la ufa ndi gaga, ikudutsa pa kasiponji kamodzi pa lita iliyonse. Sefa ikatsekeka, injini ya kabuleta imakoka mpweya wochepa ndi petulo wambiri, ngati mwaiwala kubweza tchoki. Imafooka, pulagi imada ndi mwaye, utsi umada, mafuta amatha msanga. Mu 2009 akatswiri a ku Oak Ridge ku America anayesa zimenezi. Pa galimoto zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta, sefa yotsekeka inangochepetsa mphamvu. Pa galimoto yakale ya kabuleta inawonjezeranso mafuta, mpaka magawo 14 pa 100 pamene sefa inatsekeka kwambiri. Majenereta ang'onoang'ono, mapampu ndi njinga zambiri za kabaza ndi za kabuleta.

Kusamala sefayi sikufuna mwamuna kapena makaniko. Ngati ndi ya siponji, ichapeni m'madzi ofunda a sopo, muitsukuluze, muifinye osaipotokola, iume gwa. Kenaka idonthezereni oyilo wa injini watsopano pang'ono n'kufinyanso kuti wotsala achoke. Musaichape ndi petulo. Ngati ndi ya pepala musainyowetse. Igogodeni pang'onopang'ono kuti fumbi ligwe, ndipo ikang'ambika gulani ina. Mabuku a majenereta ambiri amati muzichita zimenezi pa maola 50 alionse, koma pa fumbi muzichita pafupipafupi. Injini zakale za zigayo ndi mathirakitala zili ndi sefa ya kambale ka oyilo pansi. Imeneyo ndiyo sefa yonyowa yeniyeni, koma chonyowetsa ndi oyilo wogwira fumbi, ndipo akasanduka matope amafunika kusintha. Ndaonapo anthu akuchotseratu sefa ati injini ipume bwino. Imapumadi, koma sikhalitsa.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa nkhaniyi ngati namwino. Mafuta akapsa moperewera mpweya amatulutsa carbon monoxide wambiri. Ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi yozizira. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Injini ya petulo imautulutsa ngakhale ili yatsopano, ngakhale ku ekizozi sikukuoneka utsi uliwonse. Mantha anga pa kabotolo kaja ali pamenepa. Munthu akauzidwa kuti utsi wa jenereta yake tsopano wayera, ndipo akuopa akuba, amailowetsa m'khonde lotchinga, m'sitolo kapena m'chipinda choyandikana ndi kogona.

Carbon monoxide akalowa m'mapapo amakamamatira pa magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Magazi amayenda ndithu, koma asakunyamula okosijeni wokwanira kupita ku ubongo ndi ku mtima. Munthu amamva mutu, chizungulire, mseru, kusanza ndi kufooka. Ambiri amaganiza kuti ndi malungo kapena chakudya chadzulo, n'kumwa panado, n'kukagona m'nyumba momwemo. Chizindikiro choti chikudzidzimutseni ndi ichi: anthu angapo a nyumba imodzi adwala nthawi imodzi, thupi silikutentha, ndipo akatuluka panja akupezako bwino. Wogona tulo kapena woledzera sangamve chilichonse mpaka kukomoka.

Kwa mayi woyembekezera ngozi ndi ya anthu awiri. Mpweyawu umadutsa pa nsengwa kufika kwa mwana. Magazi a mwana wosabadwa amaugwira mwamphamvu kuposa a mayi ake, ndipo amachedwa kuutaya. Mayi angathe kungomva mutu pang'ono pamene mwana m'mimba akuvutika kwambiri, ndipo mapeto ake akhoza kukhala kupita padera, kufera m'mimba kapena kuwonongeka kwa ubongo. Makanda, okalamba, odwala mtima ndi operewera magazi nawonso amagwa msanga.

Jenereta iziyaka panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa khomo ndi pa zenera, ekizozi italoza kumbali kopanda nyumba. Kutsegula mawindo sikukwanira. Ngati nkhawa ndi akuba, gulu lisonkhe ndalama ya unyolo ndi loko, kapena kakhola ka zitsulo kokhala ndi denga koma kotseguka m'mbali. Pa chigayo cha dizilo carbon monoxide amakhala wocheperako, koma mwaye ndi wambiri, ndipo mu 2012 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inatsimikiza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Paipi ya utsi ituluke kunja kwa khoma, ikwere pamwamba, ndipo isadonthe polumikizira. Amayi obereka ana kumbuyo adikire panja, kumbali imene mphepo ikuchokera.

Mukapeza munthu wafooka kapena wakomoka pafupi ndi injini, kokani mpweya panja, mulowe mumutulutse msanga, wina azimitse injiniyo. Ngati sakudzuka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali. Musamumwetse mkaka kapena china chilichonse. Pitani naye kuchipatala ngakhale atayamba kupeza bwino, makamaka ngati ali woyembekezera, chifukwa okosijeni wa kuchipatala amachotsa mpweyawu m'magazi mofulumira kwambiri kusiyana ndi mpweya wamba. Mukafika, nenani momveka kuti m'nyumba munali jenereta kapena mbaula yoyaka. Kachipangizo kopanira chala kamene timayezera okosijeni sikasiyanitsa okosijeni ndi carbon monoxide, ndiye kangathe kuonetsa 98 pamene wodwala ali pangozi, ndipo namwino amene simunamuuze za jenereta angayambe kufufuza malungo.