Mnyamata Wanu Akayamba Ndevu: Nkhani ya Lezala Pakhomo

Amayi, pamene mukudikira kuti khanda likwere sikelo, ganiziraninso za mkulu wake amene mwamusiya kunyumba. Mnyamata akafika zaka 14, 15 kapena 16, mawu amayamba kukula ndipo tindevu timatuluka. Sadzabwera kudzakuuzani kuti akufuna chometera, chifukwa amachita manyazi. Amangosolola lezala ya bambo ake imene imatsomekedwa kudenga, kapena kubwereka ya mnzake kusukulu.

Sewero la pa wailesi litakhudza nkhaniyi, anthu m'magulu omvera anatsutsana. Ena amati za ndevu n'za abambo ndi atsibweni, mayi sizimukhudza. Koma kodi amene amagula sopo, mchere ndi machesi pagolosale ndani? Lezala imagulitsidwanso pomwepo.

Kodi kubwerekana lezala n'koopsa bwanji?

Lezala imacheka khungu ngakhale pamene munthu sanamve kuwawa, ndipo timagazi tosaoneka ndi maso timatsalira pachitsulopo. Ambiri tikamva zimenezi timaganiza za Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. N'zoona, kachirombo ka HIV kangathe kudutsa ngati magazi a wina akadali aawisi, monga pamene anthu akutemedwa mphini motsatizana ndi lezala imodzi. Komabe kachiromboka sikakhalitsa kunja kwa thupi.

Kamene kamakhalitsa ndi kachirombo ka matenda a chiwindi otchedwa Hepatitis B. Kameneka kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Munthu angathe kukhala nako zaka zambiri akulima, akuseka, osadziwa kanthu, kenako chiwindi n'kuwonongeka kapena kugwidwa ndi khansa. Kuyambira mu 2002, katemera wake ali m'gulu la akatemera amene ana amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Ambiri amene anabadwa chakacho chisanafike sanalandire, ndipo amenewa ndiwo abambo ndi amalume amene amasunga malezala pakhomo. Nazo zipere zimayenda ndi lezala, chipeso ndi makina ometera.

Musatengerepo mwayi wosala munthu ayi. Kudyera mbale imodzi, kupatsana moni kapena kugona mphasa imodzi sikufalitsa HIV kapena Hepatitis B. Chosabwerekana ndi lezala, singano ndi mswachi.

Mumugulire chometera chotani?

Lezala yopanda chogwirira, imene ena amaithyola pakati kuti ikwanire anthu awiri, si yoyambira. Bambo amene wameta zaka 20 dzanja lake linazolowera, koma mwana adzicheka zala ndi chibwano chomwe.

Pali chometera chachitsulo chimene chimatsegulidwa n'kuikamo lezala wamba yakuthwa mbali zonse. Chimabisa lezala n'kungosiya kamlomo kochepa, motero sichicheka mozama. Si chachilendo ayi: anachitchukitsa ndi King Gillette wa ku America cha m'ma 1904. Palinso zapulasitiki, monga za Bic, zimene zimatayidwa zikabuntha.

Pa ziwirizi, ife tikuona kuti chachitsulo ndicho chothandiza kuno ku Kasungu, kumene mabanja ambiri amagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma. Chimadula tsiku logula lokha, koma chimakhala zaka, ndipo chotsala n'kumagula malezala basi. Chapulasitiki chimaoneka chotchipa, koma ndalama ikasowa mu Januwale mwana amachisunga mpaka dzimbiri, kapena kuyambanso kubwereka. Choncho ndalama ya fodya ikabwera, gulirani limodzi chometera ndi paketi ya malezala. Onetsetsani kuti lezala iliyonse ndi yokulungidwa m'kapepala kake kosatsegula. Zometera zodula zija za malezala atatu kapena asanu musavutike nazo. Zimameta mopalira kwambiri, ndipo tsitsi lathu lopotana likadulidwa chotero limabwerera m'khungu n'kuyambitsa tiziphuphu.

Zina zofunika muli nazo kale: sopo wosambira, madzi ofunda, kansalu koyera kakekake, kagalasi ndi mafuta a Vaseline. Thovu la m'chitini si lofunika.

Kameteredwe kake

Ngati inu simungathe kumuuza, uzani bambo ake kapena atsibweni ake kuti akhale naye tsiku loyamba. Ayambe wasamba m'manja ndi sopo, makamaka ngati akuchokera kothyola kapena kusoka fodya. Utomoni wa fodya wamuwisi ndi mankhwala opopera zimalowa m'thupi kudzera pakhungu, nanji pakhungu lopalika.

Anyowetse nkhope ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ndevu zifewe, kenako apake thovu la sopo. Kumeta pouma ndiko kumabweretsa zilonda. Azimeta motsatira kumene ndevu zaloza, pang'onopang'ono, osakanikiza, ndipo azitsukuluza chometera pafupipafupi. Pakhosi ndiye pofunika kudekha, poti ndevu za pamenepo zimamera mosokonekera. Akamaliza asambe ndi madzi ozizira, apake mafuta pang'ono, atsuke chometera n'kuchiumitsa. Lezala ikayamba kukoka m'malo modula, yatha. Kuinola pachikhatho kapena pagalasi sikuibwezera.

Woyamba kumene safunika kumeta tsiku lililonse. Kamodzi pasabata n'kokwanira. Anzake adzamuuza kuti kumeta kawirikawiri kumachulukitsa ndevu. Ndi bodza limenelo. Tiziphuphu tikatuluka asatifinye, aleke kumeta kwa masabata angapo n'kumangodulira ndi sizasi. Tikachita mafinya apite kuchipatala.

Akadzicheka atsuke ndi sopo n'kupanikiza ndi kansalu koyera mpaka magazi aleke. Asathirepo phulusa, dothi kapena fodya wosera, chifukwa dothi ndi zonyansa zikalowa pabala zimabweretsa kafumbata. Ngati wachekedwa ndi lezala imene ili ndi magazi a munthu wina, atsuke pabalapo ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo apite msanga kuchipatala cha pa Boma, ku Mtunthama, ku Nkhamenya kapena china chapafupi. Kuli mankhwala oteteza ku HIV, koma amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72.

Nanga kometetsa ndi pamiyambo?

Akapita kometetsa, aone kuti makina apukutidwa tsitsi ndi kutsukidwa ndi sipiriti iye asanakhale pampando. Ngati wometa akufuna kuwongola m'mbali ndi lezala, aitsegule iye akuona. Kufunsa zimenezi si mwano.

Pometa maliro achibale amakhala pamzere, ndipo kale lumo limodzi linkazungulira onse. Mwambo sufuna kuti lezala ikhale imodzi, umafuna kuti anthu amete. Inu amayi amene mumasonkha ufa ndi nkhuni pamaliro mungathenso kunena kuti pagulidwe paketi, aliyense yake. Chimodzimodzi pometa khanda tsitsi loyamba: lezala ikhale yatsopano, kapena mungodulira ndi sizasi yotsukidwa bwino, poti khungu la paliwombo ndi lofewa.

Amayi oyembekezera, lezala imene mwaika m'chikwama pamodzi ndi zitenje za kuchipatala isatsegulidwe ndi wina aliyense, ngakhale bambo atapempha kuti angometako kamodzi. Lezala yogwirapo kale ntchito ikadula mchombo ingathe kupatsa mwana kafumbata, ndipo makanda ambiri amene agwidwa ndi matendawa sapulumuka. Kachirireni kuchipatala, landirani katemera wa kafumbata kusikelo ya amayi apakati, ndipo pamchombo musapake china chilichonse kupatula mankhwala amene anamwino akupatsani.

Lezala yotha musaitaye kudzala kapena kuseri kwa bafa, kumene ana amatola n'kumasongolera mapensulo ndi kuwengera zikhadabo. Ikulungeni m'kapepala kake n'kuiponya m'chimbudzi chokumba. Ngati chimbudzi chili patali, sungani malezala otha m'kachitini kotseka, pamwamba pamene mwana wokwawa sangafikepo.