Mikanda Isanduka Nyambo m'Mitsinje ya ku Alaska

Asodzi a ku Alaska, m'dziko la America, amagwira nsomba za mtundu wa trout pogwiritsa nchito mikanda m'malo mwa nyongolotsi. Cinsinsi cagona pa mazira. Nsomba za salmon zikaikira mazira m'mitsinje monga Kenai, ena amakokoloka ndi madzi, ndipo trout zimawadikirira kumunsi kuti ziwadye.

Motero msodzi amasankha mkanda wooneka ngati dzira, kawirikawiri wa mamilimita 6 mpaka 10. Amaulowetsa pa cingwe camtunda kwa mbedza, n'kutsekera cibowo cake ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena kamphira kuti usatsetsereke. Tizidutswa ta mtovu topanikizidwa pa cingwe timathandiza mkandawo kumira.

Nsomba ikaluma mkanda, msodzi amakoka ndipo mbedza imakola m'mbali mwa kamwa, osati kukhosi. Izi n'zofunika cifukwa trout zambiri zimabwezedwa m'madzi zamoyo. Koma mkanda ukatalikira, mbedza imatha kuboola diso. N'cifukwa cake lamulo la pa Kenai limati mkanda wotsekeredwa usatalikire mbedza kuposa mainchesi 2, omwe ndi masentimita 5.