Agogo ayambanso kuwerenga okha

Kale, anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Lirangwe, akalandira kalata yochokera ku Johannesburg, ankathamangira kwa agogo kuti akawawerengere. Anali mphunzitsi, ndipo nyuzipepala sinkawadutsa. Maso atayamba kuchita chidima, zinthu zinatembenuka. Ankaika pepala pamphuno penipeni, kenaka n'kulitambasulira patali, koma zilembo zinkangooneka ngati nyerere zobalalika. Chinkawawawa kwambiri n'choti ngakhale uthenga wa ndalama wobwera pafoni ankachita kupempha ana kuti awawerengere. Chinsinsi chinatha, munthu wamkulu n'kumadikira mwana abwere kumpira!

Mlongo wanga atabwera ndi laputopu kuchokera ku Chileka, anawakhazika pakhonde n'kutsegula nkhani pa intaneti.

"Agogo, gwirani batani la Ctrl ili, kwinaku mukudina la +."

Zilembo zinakula. Anadinanso, zinakulanso. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, zimenezi n'zingati?"

"N'zaulere, agogo."

Sanakhulupirire. Mlongo wanga anatsegula nkhaniyo mu Microsoft Edge n'kudina F9. Zotsatsa malonda ndi zithunzi za m'mbali zonse zinachoka, panatsala mawu okhaokha. Anasankha zilembo zoyera pamalo akuda, chifukwa kuwala kumawatulutsa misozi. Atadina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, kompyuta inayamba kuwerenga mokweza, liwu lililonse likuwala pamene likutchulidwa. Apa agogo anawomba m'manja, nkhuku n'kubalalika pabwalo.

Chingerezi imachiwerenga bwino, koma Chichewa chathu imachipotoza, ndipo opanga zinthuzi akuyenera kutikumbukira. Bandulo nayonso ndi yogula. Komabe zimene zilipozi n'zazikulu. Ngakhale amene saona n'komwe ali ndi yawo pulogalamu yaulere, NVDA, imene anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, anayamba kupanga mu 2006. Pa mafoni a Android pali TalkBack.

Lero agogo ndi ena. Zilembo za pafoni yawo tinazikulitsanso, moti ndalama zikalowa amadziwa okha, ife timangoona shuga wagulidwa. Mmawa amawerenga mitengo ya fetereza n'kukaitsutsa pa bawo masana. Sabata yatha anaitana anzawo awiri a kutchalitchi, n'kuwakhazika pabenchi, chala chili m'mwamba monga ankachitira m'kalasi.

"Tiyambe ndi Ctrl. Inu achimwene, mukundimva kumbuyoko?"