Njira Yobisika ya Phiri la Matterhorn

M'malire a dziko la Switzerland ndi Italy muli phiri losongoka ngati nyanga, lotchedwa Matterhorn, lotalika mamita 4,478. Nyumba ya Hörnli, imene okwera amagonamo asanayambe ulendo, ili pa mamita 3,260, kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje.

Ambirife tingaganize kuti m'chilimwe cha kumeneko, miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, mulibe zoopsa. Ayi ndithu. Vuto lalikulu paphirili ndi kusokera. Okwera amanyamuka kusanache, tochi ili pamphumi, ndipo mumdimamo miyala yonse imafanana. Odziwa njira amafufuza timizere timene zitsulo za kunsi kwa nsapato za anzawo zinakanda pathanthwe. Pamene thanthwe lili lolimba ndi lokandika, ndiye podutsa anthu. Ukangoyamba kuponda miyala yogwedera, dziwa kuti wataya njira, bwerera msanga.

Nthawinso ndi yowerengeka. Wotsogolera akaona kuti mlendo wake wachedwa kufika pa kanyumba ka Solvay, pa mamita 4,003, amam'bweza, ngakhale atalipira ndalama zambiri. Ife tikuti amachita bwino. Kukatentha, madzi oundana amene amagwira miyala amasungunuka, miyala n'kumagwa. Mu Julaye 2003 mbali ina ya njirayi inagumuka, ndipo anthu ambiri anawatsitsa pa helikopita.

Kutsika ndiko kumavuta koposa, munthu atatopa kale. Pa 14 Julaye 1865, Edward Whymper ndi anzake asanu ndi mmodzi anali oyamba kufika pansonga. Potsika, mmodzi anaterereka nakoka anzake, chingwe chinaduka, ndipo anayi anafera pomwepo.